Kodi Mawu Akuluakulu Amakhozetsa Mayeso a Chingerezi?

Pafupifupi pa sekondale iliyonse pamapezeka wophunzira mmodzi amene anzake amamutcha dikishonale. Tsiku la mtsutso akaimirira, holo yonse imati zii, kudikira chimene atalavule. Kwa iye moto ndi “conflagration”, phokoso la anthu ndi “pandemonium”, ndipo munthu akadabwa ndiye kuti wakhala “flabbergasted”. Akamaliza, m'manja mumalira, miluzu kuli konse, ngakhale ambiri mwa oomba m'manjawo sanatolepo kanthu. Mukatsegula kumapeto kwa kope lake mupeza mizere iwiri yotsika mpaka pansi pa tsamba: kumanzere mawu oopsa a Chingerezi, kumanja tanthauzo lake m'liwu limodzi.

Ndiye zotsatira za Fomu 4 zimatuluka. Si zachilendo kumva kuti katswiri uja wapeza 6 pa Chingerezi, pomwe mnzake wofatsa, amene sanaopsezepo munthu ndi Chizungu, watenga 2. Anzake amangoti ochonga anamubera. Kawirikawiri palibe amene wabedwa. Zimene iye ankatolera m'kope muja ndi zimene mayeso ankafuna zinali zinthu ziwiri zosiyana.

Nkhaniyi ndi yaikulu chifukwa ku Malawi Chingerezi ndiye mlonda wa pachipata. Munthu akhoza kuthyola masamu, bayoloje ndi jogirafe mochititsa kaso, koma akagwa Chingerezi bungwe la MANEB silimupatsa satifiketi ya MSCE. Mayunivesite a boma nawo amafuna makirediti asanu ndi limodzi, ndipo pakati pawo Chingerezi chisasowe. Akawoloka pamenepa n'kuganiza zokapitiriza maphunziro kapena kukagwira ntchito kunja, apezanso chipata china. Mayeso a IELTS, amene anayamba mu 1989 ndipo amayendetsedwa ndi British Council, IDP ndi Cambridge, amayesa zinthu zinayi: kumvetsera, kuwerenga, kulemba ndi kulankhula. Malikisi ake amalekezera pa 9. Namwino wofuna kulembetsa ku bungwe la anamwino ndi azamba la ku Britain kudzera m'mayesowa amafunika 7 pa kumvetsera, kuwerenga ndi kulankhula, ndi 6.5 pa kulemba. Ndalama zolembera n'zambiri ndithu, ndipo amene waperewera ndi theka lokha, akafuna kulembanso, amapisanso m'thumba.

Chosangalatsa n'chakuti eni mayesowa sabisa zimene amafuna. Ndondomeko imene ochonga amatsata ili poyera pa intaneti. Pa gawo lolemba, pomwe munthu amapatsidwa ola limodzi kuti alembe nkhani ziwiri, ina ya mawu osachepera 150 ina osachepera 250, malikisi amagawidwa panayi mofanana: kuyankha funso lenileni, kulumikizana kwa mfundo, malamulo a chiyankhulo, ndi kagwiritsidwe ntchito ka mawu. Choncho mawu ali ndi gawo limodzi lokha mwa magawo anayi. Ndipo m'gawo limenelo wochonga sawerenga kuti mawu ataliatali alipo angati. Amafuna aone ngati wolembayo ali ndi mawu okwanira kunena ndendende chimene akufuna, ngati liwu lililonse laikidwa pakati pa anzake oyenera, ngati likugwirizana ndi mtundu wa nkhaniyo, ndiponso ngati lalembedwa ndi masipelo olondola. Liwu lalikulu loikidwa pamalo olakwika limachotsetsa malikisi amene liwu wamba likanateteza.

Si ochonga mayeso okha amene amatero. Mu 2006 katswiri wina wa kaganizidwe ka anthu ku America, Daniel Oppenheimer, anasindikiza kafukufuku amene anatenga nkhani zolembedwa bwinobwino n'kusinthanitsa mawu ake osavuta ndi ena ataliatali. Atapatsa anthu kuti awerenge, iwo anaweruza kuti olemba nkhani za mawu ataliatalizo ndi anzeru zochepa poyerekeza ndi olemba zosavutazo. Nawo eni mayeso a SAT, olowera m'makoleji a ku America, mu 2016 anasiya kufunsa mawu achilendo osowa amene ana ankangoloweza, n'kuyamba kufunsa tanthauzo la liwu malinga ndi chiganizo chimene lapezekamo.

Izi sizikutanthauza kuti mawu ochepa ndi okwanira, ayi. Amafunika ambiri, ndipo anthu anawerengera. Mu 1953 Michael West, amene anaphunzitsa Chingerezi ku India zaka zambiri, anatulutsa mndandanda wa mawu pafupifupi 2,000 opezekapezeka kwambiri m'Chingerezi. Mawu amenewa okha amadzaza pafupifupi 80 mwa mawu 100 alionse a m'nkhani wamba. Zikumveka ngati zambiri, koma tatembenuzani: ndiye kuti pa mawu asanu alionse, limodzi ndi lachilendo, ndipo mzere uliwonse uli ndi maenje awiri kapena atatu. Paul Nation wa pa Victoria University of Wellington ku New Zealand anaonetsa mu 2006 kuti munthu amawerenga momasuka, osadalira dikishonale, akamadziwa 98 mwa mawu 100 alionse. Kuti afike pamenepo powerenga nyuzipepala kapena buku la nthano amafunika mabanja a mawu pakati pa 8,000 ndi 9,000. Banja la mawu ndi liwu pamodzi ndi onse otuluka m'menemo, monga “analyse”, “analysis”, “analyst” ndi “analytical”.

Wophunzira amene kwatsala miyezi isanu kuti alembe sangameze mabanja 9,000. Funso lake lenileni ndi lakuti ayambire ati. Apa ndi pamene ntchito ya mayi Averil Coxhead, a pa yunivesite yomweyo ya ku Wellington, imathandiza. Iwo anasonkhanitsa zolemba za maphunziro zokwana mawu 3.5 miliyoni kuchokera m'nthambi za malamulo, zamalonda, sayansi ndi zachikhalidwe, n'kusefa mawu amene amabwerabwera m'nthambi zonsezi koma mulibe pamndandanda wa West uja. Anatsala ndi mabanja 570, amene anawasindikiza mu 2000 pa dzina loti Academic Word List. Mabanja ochepa amenewa amadzaza pafupifupi 10 mwa mawu 100 alionse a m'mabuku a kuyunivesite. Anawagawa m'timagulu khumi, kuyambira opezeka kwambiri, ndipo mndandandawu ndi waulere.

Munthu akaona kagulu koyamba amakhumudwa pang'ono, chifukwa mulibe liwu loombetsa m'manja. Muli “approach”, “assess”, “assume”, “benefit”, “concept”, “derive”, “establish”, “estimate”, “factor”. Komatu awa ndiwo amene mafunso amamangidwira. Wophunzira amene sadziwa kusiyana kwa “describe” ndi “assess” amalemba tsamba lathunthu lofotokoza pomwe funso linkafuna kuti ayeze ubwino ndi kuipa, ndipo amaluza malikisi pa histole kapena jogirafe, osati pa Chingerezi pokha.

Pali chifukwa chimene Chingerezi chili ndi mawu awiri kapena atatu pa chinthu chimodzi. Mu 1066 William wa ku Normandy anagonjetsa England, ndipo kwa zaka mazana angapo mafumu, oweruza ndi akuluakulu ankalankhula Chifalansa, atchalitchi ndi ophunzira ankalemba Chilatini, pomwe anthu wamba anapitiriza ndi Chingerezi chawo chakale. Zotsatira zake zilipo mpaka lero. Woweta ankati “cow” ndi “sheep”, wodya patebulo la bwana ankati “beef” ndi “mutton”. Kunyumba munthu amati “ask”, muofesi “question”, kupolisi “interrogate”. Mawu ambiri amene timawatcha apamwamba ndi a ku Chifalansa, Chilatini ndi Chigiriki, ndipo amamangidwa ndi tizidutswa tobwerezabwereza. Amene wadziwa kuti tsinde loti “port” limanena za kunyamula sazunzika ndi “import”, “export”, “transport” ndi “portable”. Tsinde loti “spect” ndi kuyang'ana, loti “dict” ndi kunena. Dr Hastings Kamuzu Banda ankakhulupirira kwambiri ziyankhulo zakalezi moti atatsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama m'boma la Kasungu mu 1981, analamula kuti ana aziphunzira Chilatini ndi Chigiriki. Mwana wa pa sekondale yoyendera safunika kufika pamenepo. Masinde makumi awiri kapena atatu amamutsegulira mawu mazanamazana.

Koma masinde amapusitsanso. Kachidutswa koti “in” nthawi zambiri kamakana, monga mu “incorrect”. Wina akatengera pamenepo aganiza kuti “invaluable” ndi chinthu chopanda phindu, pomwe ndi chinthu chamtengo wosaneneka, ndiponso kuti chitini cholembedwa “inflammable” sichingayake, pomwe ndicho choyaka msanga. Tsinde limangolozera njira. Chotsimikizira ndi dikishonale.

Vuto lalikulu la kope la mizere iwiri lija lagona poti limayesa kuti kudziwa liwu ndi kudziwa tanthauzo lake basi. Titenge liwu limodzi la pamndandanda wa Coxhead, “contribute”. M'kope mulembedwa kuti “give”, nkhani yatha. Tsiku la mayeso wophunzira alemba kuti “Deforestation contributes floods”, wochonga n'kudula mzere wofiira, chifukwa liwuli limayenda ndi mperekezi “to”. Akakonza pamenepo, mawa alemba “contributes to destroy the soil”, mzere wofiira winanso, chifukwa pambuyo pa “to” ameneyu pamabwera dzina kapena mneni wothera ndi “ing”. Akafuna dzina lake, “contribution”, ayenera kudziwa kuti limatengana ndi mneni “make”, osati “do”. Pa mayeso olankhula ayenera kudziwanso pamene mawu amakwera politchula. Ndipo chomaliza, liwuli silitanthauza kupereka kokha. Pa chiganizo cha kudula mitengo chija likunena kuti chinthucho ndi chimodzi mwa zoyambitsa, osati choyambitsa chokhacho. Wolemba “causes” ndi wolemba “contributes to” anena zinthu ziwiri zosiyana, ndipo wachiwiriyu ndi amene wanena zoona. Zinthu zisanu pa liwu limodzi, koma m'kope munalowa chimodzi.

Mawu ali ngati anthu a m'mudzi: lililonse lili ndi amene limayenda nawo ndi amene silikhala nawo mphasa imodzi. Mvula yambiri ndi “heavy rain”, koma mphepo yambiri ndi “strong wind”, ndipo mukasinthanitsa Mngerezi amva kuti china chake chalakwika ngakhale malamulo a chiyankhulo sanaphwanyidwe. Mlandu amachita “commit”, kafukufuku amachita “conduct” kapena “carry out”, chidwi amachita “pay”. Palibe lamulo lofotokoza chifukwa chake. Ndi chizolowezi cha eni chiyankhulo, ndipo chimaphunziridwa pokumana nacho.

Olankhula Chichewa ali ndi misampha yawoyawo. Popeza mneni woti kubwereka amagwira mbali zonse ziwiri, wopereka ndi wolandira yemwe, “borrow me your pen” imatuluka yokha pakamwa pomwe pamafunika “lend”. Popeza timakambirana za chinthu, “discuss about” imaoneka yolondola, pomwe “discuss” safuna mperekezi. Zolakwa zoterezi n'zazing'ono, koma zimabwera pa tsamba lililonse, ndipo wochonga amaziona msanga kuposa mmene angaonere “conflagration”.

Nanga mawuwo akasankhidwa, akhazikike bwanji m'mutu? Njira imene ophunzira ambiri amadalira, yowerenga mndandanda kuchokera pamwamba mpaka pansi kangapo usiku umodzi, ndiyo yofooka kwambiri. Mjeremani wina, Hermann Ebbinghaus, anadziyesa yekha poloweza timawu topanda tanthauzo, ndipo mu 1885 anaonetsa kuti kuiwala kwakukulu kumachitika m'maola oyambirira, kenako liwiro lake limachepa. Anaonanso kuti kubwereza kotalikanitsa masiku kumaposa kubwereza kounjika tsiku limodzi.

Kafukufuku amene amafika pafupi ndi kwathu ndi wa Jeffrey Karpicke ndi Henry Roediger, wosindikizidwa m'magazini ya Science mu 2008. Iwo anapatsa ophunzira a ku America mawu 40 a Chiswahili, lililonse ndi tanthauzo lake m'Chingerezi. Onse anaphunzira mpaka liwu lililonse atalikhoza kamodzi. Kusiyana kunali pa zimene zinkachitika liwu likakhozedwa: ena ankapitiriza kufunsidwa liwulo, ena ankasiya kufunsidwa, ngakhale ena mwa iwo ankapitiriza kuliwerenga. Patatha sabata, amene ankafunsidwa mobwerezabwereza anakumbukira pafupifupi 80 pa 100 alionse. Amene anasiya kufunsidwa anakumbukira pafupifupi 35 okha, ndipo kuwerenga kowonjezera kuja sikunawathandize. Chodabwitsa china: atafunsidwa pasadakhale kuti akuganiza kuti adzakumbukira angati, magulu onse anatchula pafupifupi theka. Palibe gulu limene linkadziwa kuti njira yake ndi yabwino kapena yoipa. Kuyang'ana liwu n'kumva kuti ndikulidziwa kumanamiza. Chimene chimalimbitsa ndi kuvutika kulifukula m'mutu tanthauzo litabisidwa.

Mtolankhani wa ku Germany, Sebastian Leitner, anaphatikiza mfundo ziwirizi m'chipangizo chimene aliyense angapange, ndipo anachifalitsa m'buku lake mu 1972. Pamafunika katoni yaing'ono yogawidwa zipinda zisanu ndi timakhadi todulidwa ku mapepala olimba. Kutsogolo kwa khadi kumalembedwa chiganizo chokhala ndi mpata, mwachitsanzo “Charcoal burning ______ to deforestation”. Kumbuyo kumalembedwa liwulo, tanthauzo lake, anzake oyenda nawo ndi abale ake a m'banja. Makhadi onse atsopano amayambira m'chipinda choyamba, chimene chimaonedwa tsiku lililonse. Khadi limene mwakhoza limakwera kupita m'chipinda chachiwiri, choonedwa pakapita masiku awiri kapena atatu. Mukalikhozanso, lachitatu, choonedwa pa sabata. Mpaka lachisanu, choonedwa mwina pa mwezi. Mukalilakwa, kaya linafika pati, limabwerera m'chipinda choyamba. Motero nthawi yambiri imathera pa mawu ovuta, ndipo osavuta samakudyerani nthawi. Amene ali ndi foni yamakono angagwiritse ntchito pulogalamu ya Anki, imene inatuluka mu 2006 ndipo pa mafoni a Android ndi yaulere. Imagwira ntchito yomweyo ya katoni, kungoti masiku imawerengera yokha. Katoniyo ubwino wake ndi woti siifuna kutchaja ndipo ilibe WhatsApp.

Mawu asanu kapena asanu ndi atatu pa tsiku ndi okwanira. Amene amayamba ndi makumi asanu amakhala atasiya sabata isanathe.

Makhadi okha sangamalize ntchito. Liwu limafunika kukumana nalo kambirimbiri m'ziganizo zosiyanasiyana lisanakhale lanu, ndipo malo okumanirana ndi m'zowerenga. Nkhani ya mkonzi mu The Nation kapena The Daily Times, buku lobwereka ku National Library Service, pulogalamu yaifupi ya BBC Learning English, zonsezi ndi minda ya mawu. Chofunika n'chakuti chowerengacho chisakhale cholimba kwambiri. Ngati pa tsamba limodzi pali mawu achilendo oposa khumi, bukulo lidikire kaye. Ndiponso si liwu lililonse lachilendo loyenera khadi: loyenera ndi limene mwakumana nalo kachiwiri kapena kachitatu, kapena limene mukuona kuti mungaligwiritse ntchito pa chimangirizo cha zachilengedwe, maphunziro, umoyo kapena ntchito, mitu imene mayeso saitopa nayo.

Dikishonale nayo ili ndi mitundu. Yomasulira Chingerezi m'Chichewa imathandiza kuti munthu amve tanthauzo msanga, koma yokonzekerera mayeso ndi ija yopangidwira ophunzira Chingerezi ngati chiyankhulo chachiwiri. Mmodzi mwa eni nzeru imeneyi ndi A. S. Hornby, mphunzitsi amene anakhala zaka zambiri ku Japan n'kuona kuti ophunzira ake ankadziwa matanthauzo koma ankalephera kumanga ziganizo. Dikishonale yake, imene Oxford inasindikiza mu 1948 ndipo lero imatchedwa Oxford Advanced Learner's Dictionary, imaonetsa mperekezi woyenda ndi liwu, ngati dzinalo limawerengeka kapena ayi, ndi ziganizo zachitsanzo. Ya Longman, yoyamba kutuluka mu 1978, imafotokoza liwu lililonse pogwiritsa ntchito mawu osavuta pafupifupi 2,000 okha. Ophunzira ambiri amawerenga mzere woyamba wa tanthauzo n'kutseka. Chuma chili m'munsimo, mu zitsanzo, ndi m'timawu tochenjeza kuti liwuli ndi la muofesi, la pakati pa anzako, kapena lachikalekale. Ndi m'menemo mmene munthu amadziwira kuti “advice”, “information” ndi “equipment” salandira “s”, ndiponso kuti “kids” ndi wabwino pocheza koma pa chimangirizo pamafunika “children”.

Phindu la zonsezi limaonekera kwambiri pa gawo la kumvetsa nkhani. Pa IELTS munthu amapatsidwa ola limodzi kuti ayankhe mafunso 40 ochokera m'nkhani zitatu zazitali, ndipo opanga mafunso kawirikawiri sabwereza mawu a m'nkhani. Funso likati “fell sharply”, m'nkhanimo mwina mwalembedwa “plummeted”. Likati “not enough water”, m'nkhanimo muli “scarcity”. Wosakasaka liwu lofanana ndi la m'funso amataya mphindi zambiri osalipeza. Apa ndiye mawu osowa aja ali ndi ntchito, koma ntchito yake ndi yowazindikira powerenga. Mawu amene munthu amawamva akawaona amakhala ambiri nthawi zonse kuposa amene angawalembe molimba mtima, ndipo wanzeru amasunga malire amenewa: powerenga atambasule ukonde wonse, polemba atenge okhawo amene anawayesapo kale m'ziganizo zake, wina n'kumuchongera. Luso lomweli lonena chinthu m'mawu ena ndi limene chifupikitso cha pa MSCE chimafuna.

Masabata awiri omaliza si nthawi yotolera mawu atsopano. Ndi nthawi yolemba zimangirizo ndi wotchi patebulo, ndi yokonza masipelo. Pa gawo lomvetsera la IELTS mawu amaseweredwa kamodzi kokha, ndipo yankho lolondola lolembedwa ndi sipelo yolakwika limawerengedwa lolakwa. Masipelo a ku Britain ndi a ku America onse amaloledwa, koma “accomodation” wa “m” mmodzi ndi “goverment” wosowa “n” saloledwa kulikonse. Kwa olankhula Chichewa palinso nkhani ya “l” ndi “r”, amene m'chiyankhulo chathu sasintha tanthauzo la liwu koma m'Chingerezi amasiyanitsa “collect” ndi “correct”, “load” ndi “road”, “play” ndi “pray”. Mankhwala ake ndi akale, a ku pulayimale: anthu awiri, wina atchule mawu kuchokera pa makhadi aja, mnzake alembe, kenako asinthane, ndipo liwu lililonse lolakwika libwerere m'chipinda choyamba cha katoni.